Tsiku limene kompyuta inameza mawu a Atate

Kompyuta yathu inkakhala pabalaza, pa katebulo ka pakona, yofunditsidwa kansalu koluka ngati kaja timafunditsa wailesi yakanema. Kwathu ku Ndeke, mu Kitwe muno, fumbi limalowa ngakhale mutatseka mawindo onse, ndiye chilichonse chokhala ndi waya chimafunda. Ndinaigula yakale kwa bambo wina wokonza makompyuta kumsika, ndipo mapulogalamu onse a m'kati mwake anali okopera, opanda layisensi. Pondipatsa anandiloza ndi chala.

"Amai, ikakufunsani vilivonse vochokela kuli bene bake ba mapulogalamu, muzikana chabe. Mukavomela, bazakupezani."

Sindinafunse kuti ondipezawo ndani, kapena kuti akandipeza adzandichita chiyani. Ndinangotenga mantha aja pamodzi ndi kompyutayo n'kupita nazo kunyumba, ndipo ndinakhala nawo zaka zitatu.

M'kompyutamo munali zinthu zambiri zopanda pake: makalata ofunsira ntchito zimene sindinazipeze, zithunzi za madiresi amene sindinasoketse. Koma munalinso foda imodzi imene ndinailemba kuti Atate, ndipo m'menemo munali mawu awo.

Atate anachoka kum'mawa ali mnyamata, nagwira ntchito ya magetsi pansi pa mgodi mpaka kupuma. Ife ana tinabadwira kuno. Kunja timalankhula Chibemba, kutchalitchi timapemphera m'Chibemba, Chinyanja chimatidikira pakhomo. Koma munthu wa kum'mawa akamwalira, akuluakulu amafuna kuti pa maliro pamveke ngakhale nyimbo imodzi ya Chinyanja, zija zakale zimene ankaimba kumishoni ya kwawo. Woyambitsa nyimbo zimenezo pa maliro onse a m'dera lathu anali Atate. Anzawo odziwa nyimbozo ankatha mmodzimmodzi, ndipo ambiri a iwo anawaimbira ndi Atate omwewo.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula anandiitana, nati ndiwajambule mawu pafoni.

"Pa malilo yanga azayambisa ndani?" anatero. "Iwe sudziwa, mkulu wako sadziwa. Uzaika ine mwine, niziimbile neka."

Ndinaseka, koma ndinajambula. Masana angapo ankakhala pa mpando wawo, manja pa mawondo, n'kumaimba, ine nditagwira foni. Zinakwana nyimbo khumi ndi ziwiri. Foni itadzaza ndinazisamutsira m'kompyuta n'kuzifufuta m'fonimo. Patangotha miyezi iwiri Atate anagwa kubafa ndi sitiroko. Anachira pang'ono, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, ndipo kulankhula kunapita. Chimene chinatsala ndi kamawu kamodzi, "eya", kamene ankayankhira chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe. Kuyambira pamenepo mawu a Atate, pa dziko lonse lapansi, ankapezeka m'kompyuta muja mokha.

Tsopano ndinene chimene ndinkachita nacho manyazi. M'fayilo yomaliza, Atate amatsiriza nyimbo, amakhosomola pang'ono, kenako amayamba ina, imene anaimba poika maliro a Amama. Amangoimba mzere umodzi, mawu anga n'kulowerera: "Atate, zakwana. Mawa." Ndimamveka ngati kondakitala wa basi wothamangitsa nkhalamba. Ndinali ndi changu chopita kukalukitsa tsitsi. Ndiye Atate amayankha kuti, "Chabwino mwana wanga, mawa," fayilo n'kuthera pomwepo. Mawalo sindinalipeze, ndinkangoti ndatopa, mpaka linafika tsiku la kubafa lija.

Amayi a kwaya atandipempha kuti ndiwaikire nyimbozo pa fulashi aziphunzira, chimene ndinayamba kuganiza ndi mawu anga aja. Sindinkafuna kuti tchalitchi chonse chimve mmene ndinkalankhulira ndi bambo wondibereka. Loweruka lina m'mawa, cha m'ma teni, ndinavundukula kompyuta, ndinalowetsa modemu, n'kuyamba kusaka pa intaneti pulogalamu yodulira mawu. Ndinaipeza yogulitsa, koma pansi pake panali ina yomweyo yaulere, yothyoledwa loko. Malangizo ake ankati ndiyambe ndazimitsa antivayirasi, ija imalondera kompyuta. Sizinandidabwitse ngakhale pang'ono. Bambo wa kumsika uja ankachita chimodzimodzi nthawi zonse poika mapulogalamu ake, ndinkamuona ndi maso anga. Kwa ife kumanga galu mlendo asanalowe inali njira ya masiku onse. Ndinazimitsa, n'kudina.

Kwa kamphindi sipanachitike kanthu. Kenako sikirini yonse inafiira, ndipo m'masipika munatuluka kulira ngati kwa ambulansi. Panabwera chithunzi cha chishango, ndi dzina la antivayirasi imene sindinaionepo chibadwire. Pansi pake mayina a mavayirasi ankatsika ngati mvula, nambala ikukwera, ndipo mawu akuluakulu a Chingelezi ankati kompyuta yanga yadwala kwambiri, mafayilo onse awonongeka posachedwa ngati sindilipira kuti chishangocho chiyambe kugwira ntchito. Mzere wina, wachikasu, unkati mwapezeka mapulogalamu osaloledwa ndi lamulo ndipo nkhaniyo itumizidwa kwa oyenera.

Apo ndiye ndinati basi, aja ankanenedwa aja andipeza.

Ndinadina kamtanda kotsekera, m'malo motseka panatseguka mawindo ena awiri. Nditakwanitsa kusuzumira kuseri kwake, ndinaona kuti tizithunzi tonse ta pa sikirini tasowa. Pakona pamene pankakhala foda ya Atate panali mbee. Ndinasaka m'madokyumenti, munali mopanda kanthu. Ndinasaka mu nyimbo, chimodzimodzi. Ndinathamangira kuchipinda kukatenga khadi la kubanki, ndipo pobwera ndinaligwetsa kawiri.

Nthawi yonseyi Atate anali pa mpando wawo, pafupi ndi khoma, akuyang'ana. Ndinali nditalemba manambala anayi oyamba a khadi lija pamene ndinawaona akuwerama pang'onopang'ono, mpaka kutsala pang'ono kugwa. Anatambasula dzanja lamanzere n'kuzimitsa soketi ya pakhoma. Kulira kuja kunaduka, sikirini n'kuda bii.

"Atate! Mwachita chani? Mwaipaya! Mawu yanu yali mwamene umo, manje mwavipaya vonse!"

Ndinakuwa ndithu, mpaka mayi woyandikana nafe anasuzumira pa mpanda. Atate anandiyang'ana nthawi yaitali, mlomo wa mbali imodzi ukunjenjemera. "Eya," anatero.

Ndinakhala pansi pa simenti n'kugwira mutu. Ndinali nditataya mawu a munthu, kenako n'kumukalipira munthu yemweyo amene sakanatha kundiyankha. Ndinkaopa kuyatsanso kompyutayo, ndinkaopanso kuisiya yozima. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu ndinkaimvetsera ngati iima pageti pathu.

Wina anganene kuti bwanji sunangoitengera kumsika. Amene anganene zimenezo sadziwa okonza makompyuta a kwathu kuno. Mankhwala awo ndi amodzi, kufomata, ndiko kuti kufufuta zonse za m'kati n'kuyambiranso ngati kompyuta yangobadwa. Ikachedwa kudzuka, tifomate. Ikatentha, tifomate. Mnzanga wina anapititsa yake chifukwa cha kiyibodi, pobwera anapeza zithunzi za ukwati wake zapita, wokonzayo akumwetulira kuti tsopano ikuthamanga. Ndinkadziwa kuti bambo uja akangoona zofiirazo, ndisanatsirize n'komwe kufotokoza adzakhala atayamba kale.

Panatsala munthu mmodzi, amene sindinkafuna kumuimbira: mlamu wanga, mkazi wa achimwene, wa ku Northrise ku Ndola. Iye amayang'anira makompyuta pa kampani ina ya nyumba zosungira katundu ku Heavy Industrial Area. Ndi Mbemba, ndipo Abemba ndi ife a kum'mawa tili pa chimbuya, chibale chonyozana chimene munthu suloledwa kukwiya nacho. Mlamu wanga chimbuya chimenechi amachigwira ngati ntchito yolipidwa. Chiyambire kulowa m'banja mwathu sanandionepo osandifunsa ngati ndadya mbewa zingati. Choipa kwambiri n'chakuti anali atandiuza kawiri konse kuti ndikopere nyimbo za Atate pamalo ena, ine n'kumuyankha kuti za kwathu azisiye eni ake. Safunsa anadya phula. Ndinatenga foni n'kumuimbira.

"Ba mulamu, mwashibukeni!" anandipatsa moni wa Chibemba. "Mbeba zasila ku Kitwe?"

Ndinayesa kufotokoza, koma mawu ankaduka. Atamva kuti ndikulira anasintha.

"Imani. Mwalipila?"

"Iyayi. Atate banazimya pa wall."

"Musaiyashe futi. Musalipile olo one ngwee. Chosani modemu, mubwelese chibokosi chabe, sikirini nili nayo. Kwelani basi manje manje."

Ndinapempha mayi woyandikana nafe uja kuti akhale ndi Atate. Bokosi la kompyuta ndinalikulunga m'chitenje n'kulifukata ngati mwana wodwala. M'basi ya ku Ndola ndinakana kuti aliike kumbuyo ndi katundu, ndinalikhazika pa miyendo. Basi ikagunda dzenje ndinkalinyamula m'mwamba, poganiza kuti mwina mawu aja atsala pang'ono chabe ndipo kugwedezeka kuwatsiriza. Sindinkadziwa mmene zinthuzi zimagwirira ntchito, ndipo umbuli umawonjezera mantha.

Panjira panali apolisi a pamsewu. Basi itaima, wapolisi anayenda m'mbali mwake akusuzumira m'mawindo, ndipo maso ake anaima pa chitenje changa. Ndinaganiza za mzere wachikasu uja, ndinati uthenga wafika kale, andidikirira pano. Ndinadziona ndikutsitsidwa anthu akuonerera, bokosi likutengedwa ngati umboni, likukawola m'chipinda china cha kupolisi ndi mawu a Atate m'kati mwake.

"Finshi mwasenda, mayo?" anafunsa m'Chibemba, kutanthauza kuti ndanyamula chiyani.

"Ni kompyuta, bwana. Yadwala."

"Mpelekeni ku chipatala," anatero akuseka, n'kupita kwa dalaivala kukaona mapepala a galimoto. Anthu m'basi anaseka. Ine ndinangofukata bokosi langa mpaka tinalowa mu Ndola.

Mlamu anandilandira pageti, nayang'ana mtolo wanga.

"Awe mwandi, imwe ba kum'mawa! Mwaipapa monga mwana. Kapena mwaikamo mbeba mukati kuti zikonze?"

Anaika bokosilo pa tebulo lodyera, nalumikiza sikirini yake, kiyibodi ndi mausi, koma waya wa intaneti anaukankhira kutali. Poyatsa ankadina batani limodzi mobwerezabwereza, ndipo kompyuta inadzuka mwa njira ina, zilembo zikuluzikulu, mitundu yofuwa. Anati imeneyo ndi sefu modi, pamene kompyuta imadzuka ndi zofunikira zokha, alendo onse akadali m'tulo. Ndinatseka makutu kudikira kulira kuja, koma sikunabwere.

Anatsegula mndandanda wa mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikayaka, nandilozera limodzi la dzina la zilembo zosakanikirana, losawerengeka.

"Uyu ndiye mulendo wanu. Si antivayirasi iyi, ba mulamu. Ni vayirasi yamene yavala koti ya dokotala. Vonse vamene yenze kupenda vija ni vaboza."

"Nanga ba polisi? Inakamba kuti izatuma nkhani."

"Ikamba so kuli aliyense. Baziba kuti ise tonse kuno tili na mapulogalamu yokopela, so tizayopa kufunsa munthu, tizalipila chabe mwakachetechete. Mukanalemba khadi yonse, sembe bakusesani."

Ndinachita manyazi, koma ndinapumako. Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera, ngati nyimbo zija zilipo. Anati tiyambe tachotsa mlendo. Analetsa pulogalamu ija kudzuka, natenga fulashi yake yakuntchito imene munali antivayirasi yeniyeni, n'kuiuza kuti isake paliponse. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pang'onopang'ono. Kanayenda pafupifupi maola awiri. Anandipangira tiyi, anazizira osamugwira. Ndinapemphera korona yonse chamumtima, maso ali pa kamzereko. Mlamu ankayesa kundiseketsa ndi nkhani za mbewa, ine n'kumalephera ngakhale kumubwezera za anyani amene Abemba timawanena kuti amadya.

Pomaliza antivayirasi ija inapeza zinthu zingapo, pamodzi ndi pulogalamu yodulira mawu imene ndinatsitsa ija. Mlamu anazifufuta zonse, nayatsanso kompyuta mwa masiku onse. Inadzuka bwinobwino, yopanda kufiira, yopanda kulira. Koma sikirini inali mbee ngati bwalo losesedwa. Anatsegula madokyumenti, mopanda kanthu. Analemba dzina la foda ija m'malo osakira, kompyuta inayankha kuti palibe.

Mlamu anakhala chete. Pa tsiku lonselo palibe chinandiopsa kuposa chete ameneyo. Mbuya wako, mnzako wa pa chimbuya, akasiya kukunyoza, dziwa kuti zinthu zavuta. Ndinayamba kuganiza mmene ndikakhalire pamaso pa Atate n'kuwauza kuti pa maliro awo sadzaimba. Ndinaganiza kuti adzangoti eya, ndipo sindidzadziwa kuti eya ameneyo akutanthauza chiyani.

"Imani," anatero mlamu, akuyandikira sikirini. Anali atatsegula pamene pamaonetsa kudzaza kwa kompyuta. "Onani apa. Ikali yozula. Ngati vinafufutika, sembe apa pali empty. Vilimo, vabisika chabe."

Analowa m'masetingi n'kuchonga kabokosi kena kakuti zobisika zioneke. Pa sikirini panatuluka tizithunzi tonse nthawi imodzi, tofuwa ngati chitenje chochapidwa kwambiri. Pakona, pamalo pake penipeni, panali foda ya Atate. Vayirasi ija inali itangozibisa kuti ndichite mantha ndilipire. Mlamu anatsegula fodayo, ine ndikuwerenga ndi chala pagalasi. Zinali khumi ndi ziwiri.

"Tiyese imozi, timvele ngati ili bwino," anatero, ndipo ndisanamugwire dzanja anali atadina yomaliza.

Mawu a Atate anadzaza chipinda chija, akulu, onjenjemera pang'ono kumapeto kwa mzere monga ankachitira. Panali patapita miyezi ndisanawamve. Ndinalira mokweza, osabisa. Nyimbo inatha, kunamveka kukhosomola, mzere umodzi uja, kenako ine: "Atate, zakwana. Mawa."

Ndinawerama kudikira. Mbemba ndinali nditamupatsa nkhani yoti andiseke nayo mpaka ku manda. Koma mlamu sanaseke. Anangofunsa ngati chimenecho ndicho ndinkafuna kudula, ine ndinagwedeza mutu. Anati ali ndi pulogalamu yabwino, yaulere ndithu, yosafuna kumanga galu, ndipo akhoza kudula pompo. Ndinati ndiyambe ndaganiza. Anakopera nyimbo zonse pa fulashi yatsopano, pa kompyuta yake, ndi pa foni yanga, nabwezeretsa antivayirasi yeniyeni. Pondiperekeza kokwerera basi anandiuza chinthu chimodzi.

"Mukabapepese ba Tata. Pa imwe babili, wamene anachita vanzelu ni beve."

M'basi ndinakumbukira zimene Atate ankatiuza tili ana, za lamulo la amagetsi pansi pa mgodi. Ankati belu la ngozi likalira, suyamba ndi kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Umayamba wazimitsa magetsi, mafunso pambuyo. Zaka zonsezo atapuma, thupi litafa mbali imodzi, dzanja lotsalalo linkakumbukirabe ntchito yake.

Ndinafika ku Ndeke dzuwa likadalipo. Atate anali pa mpando womwewo, akuyang'ana katebulo kopanda bokosi. Ndinagwada pafupi nawo.

"Atate, nikhululukileni. Munachita bwino kuzimya. Vonse vilipo."

Sanandiyang'ane. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwaseweretsa nyimbo, kuyambira yoyamba. Pa yachiwiri dzanja lamanzere linayamba kumenya pa bondo, kutsata nyimbo. Tinamvera zonse. Itafika yomaliza, kukhosomola kuja kutamveka, ndinatambasula chala kuti ndiimitse, koma anandigwira pamkono. Dzanja limenelo linali ndi mphamvu kuposa mmene ndinkaganizira. Mawu anga amwano aja anamveka pabalaza ponse, kenako awo: "Chabwino mwana wanga, mawa."

Atate anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinachita mantha, ndinayesa kuti sitiroko yabweranso. Koma ankaseka, ndi theka la pakamwa limene linkamvera, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri. Analoza foni kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Analozanso. Tinamvera kanayi, ndipo nthawi iliyonse ndikafika pa "zakwana" ankandiloza ndi chala n'kuti eya. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka mwano wanga, kapena ankangokondwa kudzimva akunditchula kuti mwana wanga. M'nyimbo zonse khumi ndi ziwirizo, malo amene amalankhula ndi ine ndi amenewo okha. Ndinali nditatsala pang'ono kutaya zonse pofuna kuwadula.

Sindinadule. Amayi a kwaya ndinawapatsa momwemo.

Atate anamwalira chaka chotsatira, m'nyengo yozizira. Pa nyumba ya maliro, masana a tsiku lachiwiri, achimwene analumikiza sipika, mlamu n'kuikamo fulashi. Atate anayambitsa nyimbo za maliro awo monga ananenera, amayi a kwaya akuvomera pambuyo pawo, ndipo ngakhale ambuya athu Achibemba, amene anali atatipaka kale ufa kumaso mwa mwambo wa chimbuya, anakhala pansi phee. Itafika fayilo yomaliza mlamu anandiyang'ana, ine ndinamugwedezera mutu kuti aisiye. Anthu onse anamva Atate akuyamba nyimbo ya Amama, anandimva ine ndikuwadula, anawamva akuvomera kuti mawa.

Sipika itakhala chete, mayi wina wokalamba wa kum'mawa anayesa kutola nyimboyo pamene inadukira. Anabwereza mzere woyamba uja kawiri, nayang'ana anzake kuti amuthandize. Panalibe amene ankadziwa mzere wachiwiri.